Chikombole cha Nyimbo za Masika

Ndidziulule ndekha anzanga a pamsewu asanandiulule, chifukwa iwo akayamba nkhani ya munthu amathirako mchere wambiri. Ndi zoona, ine ndinkakhulupirira kuti kompyuta imamva zimene anthu akulankhula, ndipo imasunga miseche m'mimba mwake. Ndinaivulirapo chipewa. Ndinathamangitsapo nkhuku pakhonde kuti zisaisokoneze. Sekani ndithu, mano ndi anu. Koma mukatha kuseka mukhale pansi, mumve chimene kupusa kumeneko kunandigulira.

Sukulu ine ndinaisiya panjira, chaka chimene makolo anga anachoka kum'mawa kudzafuna minda kuno ku Rufunsa. Kuwerenga ndimawerenga, kulemba ndimalemba, ndipo dzanja langa ndi lokongola kuposa nkhope yanga. Moyo wanga wonse ndaumba njerwa ndi kumata machubu a njinga pafupi ndi pokhotera ku Mpanshya. Chifukwa cha dzanja lokongolalo, a kwaya ya pa tchalitchi chathu chaching'ono ankandipatsa ntchito yokopera nyimbo. Ndinkalemba ndi bolopeni, kaboni pansi, kukanikiza mpaka chala kuchita chithuza. Pepala lapamwamba linkapita kwa woyambitsa nyimbo, amene anali mkazi wanga. Mapepala apansi, osaoneka bwino aja, ankapita kwa azibambo a besi, poti iwo ngakhale uwapatse mawu amangong'ung'udza.

Ndiye mwana wanga wamwamuna, amene amagwira ntchito ku Lusaka, anabweretsera mkazi wake laputopu ndi kapulinta, n'kuika sola padenga. Mkazi wakeyo, mpongozi wanga, ndi mphunzitsi pa sukulu ya kwathu kuno, ndipo nyumba yawo yayang'anana ndi yathu. A katekisiti atangomva kuti pamudzi pafika makina osindikiza, anabwera ndi mtolo wa mapepala oyera, akuti nyimbo zizisindikizidwa tsopano. Mpongozi wanga anavomera, koma anali ndi khanda kumsana ndi makope a ana odikira kuchongedwa. Tsiku lina anatuma apongozi ake aakazi kudzandifunsa ngati ndingafune kuphunzira.

Apa m'pamene panali vuto. Inu a masiku ano mwina simudziwa, koma kwathu munthu ndi mkazi wa mwana wake sakhala mpando umodzi, sapatsana chinthu m'manja, sayang'anana m'maso ngati anthu ogulitsana mbuzi. Nanga kompyuta umaphunzira bwanji wokuphunzitsa ali kutali? Tinapeza njira. Laputopu inkakhala pa tebulo pakhonde la nyumba yawo. Ine ndinkakhala pamenepo, iye pamphasa pafupi ndi chitseko, atapenya kumbali, n'kumanena.

"Atate, kumanzere kwanu, m'mwamba, pali kachithunzi ka pepala. Mwakaona?"

"Ndaona tuzithunzi tambiri, amai. Tonse tukundiyang'ana."

Ndikasokoneza kwambiri, ankati, "Atate, mbuzi zija mwaziona lero?" Ine ndinkadziwa tanthauzo lake. Ndinkanyamuka kupita kukhola, iye n'kubwera pa tebulo kudzakonza zimene ndawononga, n'kubwerera pamphasa pake, n'kutsokomola. Ndikamva chifuwa ndinkabwerako. Mbuzi zanga sizinayenderedwepo kawirikawiri ngati nyengo imeneyo. Zinayamba kundiyang'ana mokayika.

Atatopa ndi kutsokomola, mpongozi wanga anaganiza zondipangira chinthu choti ndisamasochere. Iye anachitchula ndi dzina lake la kusukulu, tempuleti, koma atandifotokozera ndinati, "Amai, chimenecho ndi chikombole." Ndipo ndi chikombole ndithu. Woumba njerwa sayeza njerwa iliyonse ndi chala. Amapala chikombole chimodzi bwinobwino, kenaka n'kumangoponyamo dothi, njerwa zonse zimatuluka zofanana. Ichinso chimodzimodzi. Ukatsegula, pamwamba pali kale kamtanda ndi dzina la tchalitchi, m'mphepete mwayezedwa kale, iwe n'kungothiramo mawu. Chikombolecho sichitha, chimene umasunga ndi njerwa yako.

M'kati mwa chikombolemo anaikamo zimene ankati masitayilo. Analipo a mitundu itatu, ndipo anawapatsa maina achinyanja kuti ndisavutike: Mutu, Ndime ndi Kolasi. Ukalemba dzina la nyimbo n'kuliveka Mutu, limanenepa n'kukhala pakati ngati mkulu wa mpingo. Ukaveka mawu Kolasi, amapendekeka n'kulowa m'kati pang'ono. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti ukasintha sitayiloyo pamalo amodzi, mawu onse ovala sitayilo imeneyo amasintha nthawi yomweyo, kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Ndinayesa kusandutsa Kolasi kukhala yofiira, makolasi onse anafiira ngati amayi a mumpingo atagwirizana chitenje. Ndinaseka mpaka khanda linadzuka.

Kenaka panabwera makiro. A katekisiti athu ndi munthu wabwino, koma pa nkhani ya mapepala dzanja lawo ndi lolimba ngati nati yadzimbiri. Ankafuna nyimbo zonse za Lamulungu zikwane pa pepala limodzi, kutsogolo ndi kumbuyo. Kuti zitero pamafunika kugawa tsamba pakati, kuchepetsa zilembo, kupanikiza mizere, ntchito yambiri yoti ine ndikanayendera nayo mbuzi mpaka madzulo. Mpongozi wanga anati makina angathe kuphunzitsidwa. Umawaonetsa njira kamodzi, iwo n'kuloweza, ngati kondakitala wa minibasi amene ukamuonetsa masiteshoni tsiku limodzi amawaitana yekha moyo wake wonse. Pambuyo pake umangokanikiza mabatani awiri pamodzi, zonse n'kuchitika. Amenewo ndiwo makiro.

Anafuna kuti ndiwaphunzitse ndi manja anga, iye akunena ali pamphasa. Nditakanikiza pamene anandiuza, anati, "Tsopano samalani, atate. Yayamba kujambula zonse zimene mukuchita."

Zonse? Ndinakumbukira zimene ndinali nditangonena za a katekisiti ndi kuumira kwawo. Ndinavula chipewa msangamsanga n'kuchiika pabondo. Tambala anayamba kulira pafupi, ndinamuponyera chitsononkho. Mkazi wanga anatulukira kuseri akufunsa za mpeni wake, ine n'kumukupizira dzanja kuti akhale chete. Kenaka ndinawerama pang'ono n'kunena mwaulemu, ndi mawu a m'tchalitchi, "A katekisiti athu ndi munthu wopatsa kwambiri."

Nditaba diso ndinaona mpongozi wanga wakwirira nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Ulemu unamuletsa kuseka mokweza, ndiye kuseka kunkatulukira m'maso. Atapeza mpweya anati, "Atate, imajambula za zala zokha. Makutu ilibe."

Mkazi wanga sanandichitire ulemu wotero. Anaseka mpaka anakhala pansi, ndipo pofika Lamulungu nkhani inali itafika ku Chinyunyu. Anyamata a njinga ankandivulira zipewa pamsewu. Mnzanga wina wa mtundu wachisoli, mdala amene timakhala benchi limodzi m'tchalitchi, ankati akandiona amanong'ona, "Chete, ba mudala, wailesi ingamve." Ndinasanduka chitsiru cha kompyuta cha dera lonse. Makiro aja tinawatcha Finya, ndipo ankafinyadi. Ukakanikiza mabatani awiri aja, nyimbo zonse zinkakhwinyata n'kukhala ngati nyerere zili pa ulendo. A katekisiti ankakondwa kwambiri.

Amene sanakondwe ndi mkazi wanga, ngakhale sananene. Mai ameneyu wayambitsa nyimbo m'tchalitchi chathu kuyambira ana athu ali kumsana. Ine ndinamukonda ndisanamuone nkhope, ndinangomva mawu ake kuseri kwa mpanda wa udzu pa ukwati wina. Koma maso ake anali atayamba kuchita nkhungu. Kuchipatala ku Mpanshya anamuuza kuti ndi ng'ala yongoyamba, adikire madokotala a maso akadzabwera. Anabisa. Nyimbo zakale ankazidziwa pamtima, ndiye ankagwira pepala la nyerere lija ngati akuwerenga, osawerenga. Ine ndekha ndinkaona kuti nthawi zina waligwira chadodolido.

Chaka chimenecho, kutatsala pang'ono chikondwerero cha masika, pamene timapereka zokolola kutchalitchi, kunabwera nyimbo zatsopano kuchokera ku parishi. Zinali zokoma, koma zazitali, ndime pamwamba pa ndime. Pophunzira Lachitatu, mkazi wanga ankagwira maimbidwe msanga kuposa onse, koma mawu ankamuthawa. Anayamba kunena kuti pakhosi pakumuwawa. Sabata yotsatira sanapite. Kenaka ndinamuona akuchapa yunifomu yake ya kwaya, akuisita, akuipinda bwinobwino.

"Mukuipindira ulendo wa kuti, amake ana?"

"Ndikapereke kwa a katekisiti masika akatha. Atsikana alipo, ayambitse iwo."

Ananena mosadandaula, ngati akunena za mbale yobwereka. Koma ine ndakhala naye munthu uyu. Masiku amenewo ankasenda mtedza osaimba, ndipo pakhomo pathu panali ngati pachoka munthu.

Ndinayesa njira yowongoka poyamba. Ndinamupangira pepala lakelake la zilembo zazikulu n'kumupatsa kuseri kwa nyumba. Analiyang'ana, ndinaona milomo ikuyenda, akuwerenga bwinobwino. Kenaka analipinda n'kundibwezera.

"Ndiye ndikaime kutsogolo ndi chikwangwani ichi, anzanga ali ndi timapepala? Mpingo wonse uziti taonani agogo aja maso atha? Inu mufuna azindigwira dzanja pokwera sitepe?"

"Nanga n'zamanyazi?"

"Kwa inu palibe chamanyazi, munavulira makina chipewa."

Anandilasa, koma mawu omwewo ndi amene ananditsegula mutu. Ndinakagona pa mphasa pansi pa mtengo wa mango n'kumaganiza. Mai uyu sakana zilembo zazikulu. Akukana kukhala yekha nazo. Njerwa imodzi ikasiyana ndi zinzake, aliyense amailoza. Koma chikombole chikasintha, ndani angaloze njerwa? Ndipo ngati pali munthu m'dera lino amene angawononge chikombole anthu n'kukhulupirira kuti sanachitire dala, munthuyo ndi uja anavulira kompyuta chipewa.

Loweruka lomaliza chikondwerero chisanafike, a katekisiti anapalasa njinga kupita kumaliro cha ku Shikabeta. Anandisiyira mtolo wonse wa mapepala, umene ankati ufike mpaka Khirisimasi, n'kundiuza kuti ndisindikize nyimbo za mawa. Mpongozi wanga anali m'nyumba akuchonga makope. Ndinakhala pa tebulo ndekha.

Sindinatsegule njerwa, ndinatsegula chikombole chenichenicho. Ndinapita pa sitayilo ya Ndime n'kukweza kukula kwake. Zilembo zinachoka pa nyerere kufika pa mapira. Ndinakwezanso, zinafika pa nyemba. Ndinaima pakhomo la khola n'kuyang'ana kuchokera kumeneko, ndinatha kuwerenga. Ndinachita chimodzimodzi ndi Kolasi, Mutu ndiye ndinaunenepetsa ngati dzungu. Kenaka ndinatembenukira kwa Finya. Ndikanamusiya, akanabweza zonse ku nyerere. Ndinamuphunzitsa njira yatsopano, dzina lomwelo, mabatani omwewo, koma tsopano m'malo mogawa tsamba azilisiya lathunthu, m'malo mopanikiza mizere azipatsa mpata woti mbuzi ingadutse. Ndikuuzeni zoona, pamene inkajambula ndinapezeka kuti chipewa chili pabondo. Chizolowezi n'chovuta.

Pulinta inayamba kulira. Inalira, inalira, batire la sola n'kumatsika. Patapita nthawi ndinamva mawu kuchokera pachitseko.

"Atate, pulinta yalira nthawi yaitali lero."

"Yakondwa, amai. Ndi masika."

Mphepo inaulutsa pepala limodzi n'kuligwetsa pafupi ndi mphasa yake. Analitola. Analiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anayang'ana kutsidya kwa bwalo kumene apongozi ake aakazi ankapeta mtedza mwakachetechete. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi mapepala ake a kusukulu amene anadzigulira yekha, anawaika pampando pakati pa iye ndi ine, n'kubwerera.

"Ngati angachepe, atate."

Anachepadi. Nyimbo zimene zinkakwana pa pepala limodzi zinasanduka kabuku. Tinasoka timabukuto ndi singano ndi ulusi, ine uku, iye uko, osayang'anana.

Dzuwa litapendeka a katekisiti anafika, fumbi mpaka m'nsidze. Ataona mulu pa tebulo anatsika njinga isanaime.

"Ba mudala! Izi ndi nyimbo kapena zikwangwani za pamsewu? Mapepala anga a Khirisimasi ali kuti?"

"Ndi amenewo, ba katekisiti. Khirisimasi yafulumira."

"Simunakanikize Finya?"

"Ndakanikiza. Mwina wakhuta, safunanso kufinya. Ine wosaphunzira ndingadziwe chiyani? Mwina anamva zimene munkanena za iye."

"Makina samva, ba mudala, tinakuuzani kale! Chokani, ndikuonetseni."

Anakhala pampando wanga, anatsegula chikombole, anathiramo nyimbo imodzi ndi zala ziwiri, n'kukanikiza mabatani aja mwamphamvu ngati akupha nsikidzi. Zilembo zinatuluka zonenepa, zikuwayang'ana. Anakanikizanso. Zinangokhala phee, zokhuta. Anapukuta thukuta n'kutembenukira kuchitseko.

"Ba tichala, bwerani mukonze chinthu ichi."

Mpongozi wanga anagwada pamphasa pake, maso pansi, n'kuyankha ndi mawu ofewa ngati thonje. "Ba katekisiti, ntchito imene agwira apongozi anga ndi manja awo, ine ndikaifafanize iwo ali pomwepo? Kwathu sanandilere choncho."

A katekisiti anadzuka pampando. Mwambo ankaudziwa, ndipo ngakhale akanakonza, pepala loyera linali litatha. Ananyamula timabuku tija n'kumanga pa kaliyala akung'ung'udza kuti chitsiru chikakalamba chimaposa chiswe. Ine ndinavomereza ndi mutu, nkhope yachisoni. Mpongozi wanga, mwana wa eni uja, sindidzamuiwala.

M'mawa mwake tchalitchi chinadzaza mpaka pamawindo. Kutsogolo kunali matumba a chimanga, maungu, mbatata, nzimbe, ndi nkhuku zomangidwa miyendo zikudandaula. Timabuku tinagawidwa pakhomo, aliyense kakekake. Anthu ankatsegula n'kuseka, n'kundiyang'ana, ena n'kuvula zipewa. Mnzanga wachisoli uja anatambasula kake, anakayang'ana, anakabweza pafupi, kenaka anandigunda ndi chigongono.

"Iwe, kodi nyimbozi zimakhala ndi mawu?"

Ndinayang'ana m'mabenchi. Madala ndi agogo amene zaka zonsezi ankangoyendetsa milomo anali ataweramira m'timabuku, zala zikutsata mizere. Sindinadziwe kuti a nkhungu m'maso tinali ochuluka chotero. Aliyense ankabisa yekhayekha.

Mkazi wanga sanakhale ku kwaya. Anakhala kumbuyo ndi amayi ena, atavala chitenje wamba, dengu la mtedza pamapazi. Kabuku anakalandira ngati wina aliyense, n'kukaika pamiyendo osatsegula. Nyimbo yolowera inali yakale, inadutsa. Ine khosi linawawa ndi kucheuka.

Itafika nthawi yopereka zokolola, ng'oma inayamba, ndipo mtsikana amene mkazi wanga anamusiyira udindo anayambitsa nyimbo yatsopano ija. Mwana wabwino, koma mantha anamugwira, anaiyamba m'mwamba kwambiri, mawu n'kuthyoka. Kwaya inalowa mokayika, ena uku ena uko. Ng'oma inayamba kufunafuna njira. A katekisiti anayang'ana kudenga.

Pamenepo kuchokera kumbuyo kunatuluka mawu amene ndinawamva kuseri kwa mpanda wa udzu kalekale. Anaigwira nyimbo pamene inkagwera, anaitsitsa pamalo pake, n'kuiyendetsa. Ndinacheuka. Anali ataimirira, kabuku kotsegula m'dzanja, akuwerenga poyera ngati mmene ankawerengera amayi a kumanja ndi kumanzere kwake. Ndime yoyamba inatha, analowa yachiwiri osapunthwa. Mtsikana uja anamwetulira ngati womasulidwa, n'kumukodola ndi manja onse awiri. Mkazi wanga anasenza dengu la mtedza pamutu, kabuku m'dzanja, n'kuyamba kuvina kulowera kutsogolo, amayi akumutsata ndi maungu awo, nthungululu zili pakamwa.

Ndipo madala anaimba! Mawu enieni, osati kung'ung'udza. Mnzanga wachisoli anaimba mokweza kwambiri, molakwika kwambiri, misozi ili m'masaya. Tinaimba ndime zonse mpaka yomaliza, n'kubwerezanso, malata akunjenjemera, nkhuku nazo zikuthandiza. Ine sindinaimbe bwino. Maso anga anali pa mkazi wanga basi.

Titatuluka, agogo ena anazinga a katekisiti kuwathokoza chifukwa choganizira okalamba. Munthu wa Mulungu uja anayang'ana kwa ine, anayang'ana kwa iwo, n'kunena kuti inde, nkhaniyi anali akuiganizira kwa nthawi ndithu. Ndinamuvulira chipewa.

Madzulo ake titadya, tinakhala pakhonde awiriwiri. Yunifomu ija inali itachoka pamene anaipinda, ili pa chingwe chake cha masiku onse kuseri kwa chitseko. Ine ndinayamba kudandaula kuti ukalamba ndi woipa, munthu umangowononga zinthu za mpingo osadziwa chimene wakanikiza. Anandisiya ndilankhule mpaka ndinatopa. Kenaka anandimenya pabondo ndi kabuku kaja, n'kunena:

"Anamizeni a katekisiti, atate ake ana, osati ine. Kupusa kwanu kwenikweni ndimakudziwa, ndakhala nako zaka zonsezi, ndipo kwa dzulo kuja si kumeneko. Makina ajawo musawakonze. Koma chipewa muziwavulirabe anthu akuona, angakutulukireni Khirisimasi isanafike."